Amayi a M'kompyuta a Dokotala Kasuba

Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'chipinda cha makompyuta pakoleji ina muno mu Lusaka. Dzina lake sinditchula, chifukwa ndikadali komweko ndipo pakamwa panga pamafunabe chakudya. Mungodziwa kuti ndi imodzi mwa makoleji aja anamera ngati bowa boma litalola kuti aliyense wokhala ndi nyumba ndi choko atsegule sukulu. Ili m'chipinda cham'mwamba kuseri kwa Cairo Road, pansi pake pali shopu ya matayala. Ntchito yanga ndi kuyatsa makompyuta, kuthamangitsa oonera mpira pa intaneti, ndi kumanga mabuku a kafukufuku ndi chikuto cholimba asanapite kwa oyesa. Ndine Agness, wa ku Libala, makolo anachokera ku Katete kalekale. Digiri ndilibe. Koma mabuku a anthu a madigiri ndawerenga ambiri kuposa amene amawasaina, ndipo zimenezo ndikhoza kuzinena ndi m'tchalitchi momwe.

Mkulu wa gawo lathu ndi a Dokotala Norbert Kasuba. Si dokotala wa jakisoni, ndi wa mabuku, ndipo mukaiwala kutchula udokotalawo moni wanu umagwera pansi. Amakhala ku Kabulonga, kudera la anthu olemera, ndipo zimenezo amazilowetsa m'nkhani iliyonse, ngakhale mukukamba za maliro. Pachitseko chawo panalembedwa kuti ndi katswiri wa kamangidwe ka mapulogalamu a pa intaneti. Katswiri ameneyo wandiitanapo kambirimbiri kuti intaneti yafa, ine n'kukapeza kuti wakoka chingwe ndi nsapato mpaka chazuka pakhoma.

Kasainidwe kawo ka mabuku n'kodziwika kwa ine ndekha. Wophunzira akabweretsa buku lake, a Dokotala amaliika pachikhatho n'kuliyesa kulemera ngati akugula nkhuku kumsika wa Soweto. Kenako amatsegula kumapeto, pamndandanda wa zolemba za anthu ena zimene wophunzirayo wagwiritsa ntchito, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pachilembo cha K. Akapeza dzina lawo kasanu kapena kupitirira, amamwetulira n'kusaina. Akalipeza kamodzi, buku limabwerera, ati silinakhwime. Zapakati sawerenga. Ndikudziwa chifukwa mabukuwo ndimamanga ndine, ndipo akamachoka ku ofesi yawo masamba amakhala akadali omatana ndi guluu wanga.

M'chaka cha 2019, chija magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'manja mwa munthu ameneyu munali mtsikana wina dzina lake Keziah Mulubwa. Ankakhala ndi mkulu wake m'mafulati a ku Kabwata, ndipo ankachita digiri yachiwiri. Lamulo la koleji yathu limati digiri imeneyo uimalize m'zaka zitatu, apo ayi dzina lako limafufutidwa. Keziah anali m'chaka chachitatu. Chaka choyamba chinapita chifukwa a Dokotala anataya pepala lake lopempha chilolezo cha kafukufuku, chachiwiri chifukwa analipeza n'kuiwala kuliwerenga. Mkulu wake anali atasoketsa kale chovala chake cha chitenge cha tsiku la chikondwerero cholandira digiri, mpaka chinayamba kumuthina chili m'sutikesi. Buku la Keziah likanapanda kusainidwa pofika Lachisanu lomaliza la Okutobala, zaka zitatu zonsezo zikanapita m'madzi.

Kafukufuku wake anali wa fulemuweki. Kwa inu amene simunalowepo m'chipinda changa, fulemuweki ili ngati nyumba imene ena anakumba kale maziko, anaimika zipilala ndi mafelemu a zitseko. Wopanga pulogalamu amangobwera kudzaika makoma ndi denga monga akufunira, sayamba ndi kuumba njerwa. Keziah ankafuna kuona ngati munthu mmodzi, pogwiritsa ntchito fulemuweki yoteroyo, angamange mofulumira chinthu chothandizadi. Ndiye anamanga tsamba la pa intaneti loti nesi azilembapo mayi ndi mwana wake, ndipo tsiku la sikelo likayandikira tsambalo lizitumiza uthenga pafoni ya mayiyo womukumbutsa. Basi. Chinthu chaching'ono, koma chinkagwira ntchito, zimene sindinganene za zambiri zomwe ndazimangira chikuto.

Kupeza amayi ndiye kunali ntchito. Lachiwiri lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi Keziah ankakhala pabenchi pakiliniki ina cha ku Kabwata komweko, kunyengerera amayi mmodzimmodzi. Ena ankati foni ndi ya abambo. Ena ankati zimenezi ndi za satana. Wina anamufunsa ngati akalembetsa alandira soya. Pamapeto anavomera amayi 23, ndipo mwa iwo 19 sanaphonyenso sikelo. Keziah ankawadziwa onse ndi mayina a ana awo omwe.

Tsono pali kachitidwe kena ka anthu opanga mapulogalamu kamene muyenera kukamvetsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ukamanga tsamba, umafuna kudziwa ngati silidzayamba kukwawa anthu akadzachuluka. Sungadikire kuti achulukedi. Fulemuweki ili ndi kachida kake kopangira anthu abodza. Umangouza kuti ndipangire anthu akutiakuti, iko n'kutola dzina apa, tsiku lobadwa apo, n'kudzaza kaundula yense m'kanthawi kochepa. Aliyense wa ntchitoyi amachita zimenezo, si kuba ayi, bola uzinene poyera. Keziah anapanga amayi 1,200. Poyamba anatuluka ndi mayina achizungu okhaokha, tinaseka mpaka misozi, kenako ndinamupatsa timabuku takale ta mayina a omaliza maphunziro kuti kachidako kazitolamo mayina akwathu. Anawonjezera madera anayi, Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Libala, kuti kaziwagawa m'menemo mmene kafunira.

Panatsala nambala za foni. Keziah anaopa kuti kachidako kakapeka nambala, mauthenga akhoza kumakafika kwa anthu enieni osadziwa kanthu. Ndiye anandipempha kuti amayi abodza onsewo awapatse nambala imodzi, yanga, ndipo anakonza kuti patsiku pazituluka mauthenga asanu okha oyesera. Ndinavomera mosaganiza. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndili m'basi yochokera ku Libala, foni inkanjenjemera m'chikwama: Amayi, mawa ndi tsiku la sikelo la mwana wanu. Ine mwana ndilibe. Ukwati wanga unathera pankhani imeneyo zaka zambiri zapitazo. Masiku oyamba mauthengawo ankandibaya, sindibisa, koma sindinamuuze Keziah chifukwa analibe cholakwa, ndipo patapita nthawi ndinayamba kumawayembekezera.

Tsiku lina Lachinayi magetsi atangoyaka, a Dokotala analowa kudzafuna kuti ndiwasindikizire kalata. Anadutsa kumbuyo kwa Keziah n'kuima chilili. Pakompyuta panali tsamba loyamba, lija limaonetsa chiwerengero cha olembetsa m'zilembo zikuluzikulu: 1,200, ndi kamzere kokwera m'mwamba pansi pake. Ndinaona maso awo akuwala ngati a mwana woona bansi.

Keziah anawafotokozera pomwepo kuti amenewo ndi anthu opeka, opangidwa ndi fulemuweki kuti ayese liwiro la tsamba, ndipo enieni ndi 23. Anabwerezanso kachiwiri pang'onopang'ono, monga umachitira ndi munthu wodwala makutu. Ine ndinali pamenepo, ndinamva ndi makutu angawa.

"Manje iwe ufuna kuniphunzitsa?" anatero a Dokotala. "Kompyuta ingapange bwanji munthu? Ali na dzina, ali na foni, ali na mwana. Uyo ni munthu."

Anatulutsa foni yawo, anajambula chiwerengerocho, n'kutuluka osatenga ndi kalata yomwe anadzera. Kaya sanamvetse, kaya anamvetsa n'kusankha kugontha, sindikudziwa mpaka lero. Zonse ziwiri n'zamanyazi kwa munthu amene chitseko chake chimati katswiri.

Patangopita milungu itatu kunali msonkhano wa anthu ophunzira pahotela ina ku Woodlands, ndipo ine anandituma kukanyamula pulojekita. Kumeneko ndinamva zodabwitsa. A Dokotala anaima kutsogolo atavala suti ya buluu, n'kuuza anthu kuti iwo anamanga tsamba lokumbutsa amayi za sikelo, ndipo amayi 1,200 a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Libala analembetsa. Anati anayenda khomo ndi khomo. Koma abale, nsapato zimene zija fumbi la ku Chelstone sizilidziwa ndi mtundu wake womwe. Anthu anaomba m'manja, anadya masamusa, ndipo pepala lawo linasindikizidwa m'buku la msonkhano. Dzina la Keziah munalibe, ngakhale m'mawu othokoza. Mukafunsa chifukwa chake sindinaime n'kunena, ndikuyankhani mosabisa kuti ndinachita mantha. Munthu wonyamula pulojekita salankhula pamsonkhano wa madokotala.

Vuto linabwera m'sabata yomaliza ya Okutobala. A Dokotala anaitana Keziah Lolemba n'kumuuza kuti buku lake liyenera kugwirizana ndi pepala lawo. M'mutu wachinayi, mmene mumalembedwa zimene wapeza, achotse 23 aike 1,200, ndipo mawu akuti anthu opeka asaonekenso paliponse. Anati 23 ndi chiwerengero cha kwaya, osati cha kafukufuku, ndipo iwo sangaike dzina lawo pazamanyazi. Akapanda kusintha, siginecha palibe.

Anabwera m'chipinda changa n'kukhala pampando wapakona, kuseri kwa makompyuta akufa. Sanalire mofuula, misozi inkangotsika yokha. Anati akalemba bodza ndipo woyesa wakunja n'kulizindikira, digiri ipita ndipo dzina lake liipa moti sadzalembedwanso ntchito m'tauni muno. Akapanda kulemba, Lachisanu lifika, zaka zitatu zithera pomwepo. Anatinso chimene chinkamupweteka kwambiri chinali amayi 23 aja, kuti awamize m'gulu la anthu amene kulibe, pamene iwo anamupatsa nambala zawo zenizeni mozemba amuna awo.

Ine mtima unandiwira. Ndaona ana ambiri akulira pampando umenewo, ambiri mwa iwo chifukwa cha ulesi wawo, ndipo amenewo ndimangowapatsa tishu. Koma uyu anagwira ntchito. Ndinamuuza kuti apukute m'maso, asasinthe chilembo ngakhale chimodzi m'mutu wachinayi, ndipo zotsalazo asiyire ine.

Tinagwira ntchito masiku awiri. A Dokotala ali ndi mapepala atatu amene analemba kale, ngakhale kunena zoona ndi pepala limodzi lovekedwa mitu itatu. Keziah anawatchula onse atatu m'mutu woyamba, pamene amafotokoza zimene ena analemba, ndipo anawonjezera malipoti awo a misonkhano mpaka dzina la Kasuba linaoneka kasanu ndi kawiri pamndandanda wakumapeto. Bodza panalibe, zinthuzo zinalembedwadi, kungoti zinalibe phindu. Kenako ndinamuuza kuti aike pulogalamu yake yonse kumapeto ngati zowonjezera, masamba makumi asanu ndi atatu, ndipo ndinasindikiza papepala lokhuthala lija timasungira masatifiketi. Pachikuto ndinadinda zilembo zagolide, dzina la a Dokotala n'kulikulitsa pang'ono kuposa la mwini buku. Litauma linali lolemera ngati njerwa.

Lachisanu m'mawa ndinaperekeza Keziah ku ofesi, ati kukathandiza kunyamula. A Dokotala analandira buku, analiyesa pachikhatho, anagwedeza mutu. Anatsegula kumapeto, chala chinatsetsereka mpaka pa K, milomo ikuwerenga chamumtima. Sanafunse n'komwe ngati wasintha. Anatenga cholembera chawo chagolide n'kusaina pansi pa mawu aja akuti ndawerenga buku lonseli ndipo ndikuvomereza kuti lipite kwa oyesa.

"Waona?" anatero kwa Keziah. "Ukamvela akulu, vinthu viyenda."

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinangoyang'ana pansi kuti nkhope isandiulule.

Tsiku loteteza buku linali Lachiwiri, patapita milungu itatu. M'chipinda munali a Dokotala, wachiwiri kwa mkulu wa koleji amene ntchito yake yeniyeni ndi kugwedeza mutu, ndi woyesa wakunja, Pulofesa Chilufya Kapembwa wochokera ku yunivesite ina ya ku Copperbelt. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, wopanda ndi ndolo zomwe. A Dokotala anamuyang'ana kamodzi n'kumuyesa wopepuka. Ine ndinayang'ana buku limene anatulutsa m'chikwama, ndinaona timapepala tambirimbiri titasomekedwa m'masamba ndi zolemba za pensulo m'mphepete, ndipo ndinadziwa kuti lero kuli ntchito. Ndinakhala pakona ndi pulojekita yanga, chikwama pamiyendo.

Keziah analankhula bwino. Anafotokoza mmene fulemuweki inamufupikitsira ntchito, pamene inamuthandiza ndi pamene inamupinga. Atafika pa zimene anapeza, ananena momveka kuti amayi amene analembetsa anali 23.

A Dokotala anatsokomola. Anaseka pang'ono n'kuuza Pulofesa kuti amukhululukire mwanayo, mantha amusokoneza, chiwerengero chenicheni ndi 1,200 monga analembera iwo m'pepala lawo la ku Woodlands. Pulofesa anapisa m'chikwama n'kutulutsa pepala lomwelo, nalonso lodzaza pensulo, n'kuliika pambali pa bukulo. Anati limenelo ndilo linali funso lake loyamba, poti tsamba ndi limodzi, zithunzi ndi zomwezo, koma wina akuti 23, wina akuti 1,200, ndipo dzina la mtsikanayu m'pepalamo mulibe.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. A Dokotala anatembenukira kwa ine.

"Ba Agness, onetsani pa khoma. Aone okha."

Sindinayambe ndamverapo lamulo lawo mokondwa ngati tsiku limenelo. Ndinatsegula tsamba, chiwerengero chija chinaoneka pakhoma, chachikulu ngati chitseko. A Dokotala anatambasula manja ngati m'busa. Pulofesa anandipempha mwaulemu kuti nditsegule kaundula weniweni n'kutsika pansi pang'onopang'ono, chinthu chimene katswiri wathu anali asanachitepo chiyambire. Mayina anayamba kudutsa. Pulofesa anandiimitsa pa mayi wina wa ku Woodlands wobadwa mu 1931, amene anali ndi khanda la milungu itatu. A Dokotala anati kumeneko ndi kulakwitsa kwa otaipa, akundiyang'ana ine. Tinatsikanso, tinapeza mwana wa miyezi inayi wolemera makilo 94. Wachiwiri kwa mkulu uja anasiya kugwedeza mutu.

Pulofesa anati palibe chifukwa chokangana, poti amayiwa ali ndi mafoni. Anasankha dzina limodzi, Abby Chibesa wa ku Chelstone, anatulutsa foni yake, anaimba nambala imene inali pakhoma, n'kuika foniyo patebulo kuti tonse timve. Kenako chikwama changa chinayamba kuimba nyimbo ya amayi a chigwirizano a kutchalitchi, ija ndinaika kuti ndizimva foni ndili m'basi.

Ndinaisiya iimbe ndime yonse. Onse ananditembenukira. Ndinatsegula zipi mosafulumira, ndinatulutsa foni, n'kuiika pakhutu.

"Halo," ndinatero, mawu anga akutulukiranso patebulo. "Muno ndi mwa amayi 1,200. Mukufuna uti?"

Pulofesa sanaseke, koma ndinaona akuluma mlomo. Anasankha mayi wina wa ku Kabwata, foni inalira m'manja mwanga ndisanaibweze n'komwe m'chikwama. Anasankha wachitatu, chimodzimodzi.

Apa ndiye ndinaona mtima weniweni wa munthu uja. Anaimirira, nkhope itasintha, n'kuloza Keziah ndi chala. Anati mtsikanayu wawanamiza, anadzaza tsamba ndi anthu abodza kuti awapusitse, iwo anamukhulupirira monga kholo, ndipo wophunzira wopeka anthu m'kafukufuku ayenera kuchotsedwa lero lomwe. Wachiwiri kwa mkulu anayambiranso kugwedeza mutu, ndipo ndinachita mantha enieni, chifukwa ndikuidziwa koleji yathu. Kutaya wophunzira n'kosavuta kusiyana ndi kutaya dokotala amene chithunzi chake chili pachikwangwani cha pamsewu. Keziah anangoima, manja atagwira m'mphepete mwa tebulo.

Pulofesa anatsegula buku pamene panali kapepala kofiira. Anawerenga mokweza tsamba 61, pamene Keziah analemba kuti pofuna kuyesa liwiro anapanga amayi 1,200 opeka pogwiritsa ntchito kachida ka fulemuweki, kuti onsewo anawapatsa nambala imodzi ya wogwira ntchito m'chipinda cha makompyuta, ndipo kuti anthuwa kulibe ndipo sakuwerengedwa m'zotsatira. Kenako anabwerera kutsamba loyamba, anatembenuza buku kuti liyang'ane a Dokotala, n'kuika chala pansi pa siginecha.

"Apa mwasaina kuti munawerenga buku lonse, a Kasuba. Munawerenga, kapena simunawerenge?"

Udokotala sanautchule. A Dokotala anali atakodwa. Akati anawerenga, ndiye kuti ankadziwa kuti amayi awo a ku Woodlands ndi opeka. Akati sanawerenge, ndiye kuti siginecha yawo ndi chidindo cha mbatata. Ine pamenepo mantha anandithera, kaya anapita kuti. Ndinanena kuchokera pakona panga kuti mwanayu anawauza kawiri pamaso panga, Lachinayi lina magetsi atangoyaka, ndipo iwo anayankha kuti kompyuta singapange munthu. Wachiwiri kwa mkulu anandiyang'ana ngati mpando walankhula.

Pulofesa anatembenukira kwa Keziah n'kunena kuti abodza tawamva, tsopano akufuna kumva mmodzi mwa 23 aja, ndipo asankha yekha. Analoza pamndandanda wa m'buku. Keziah anangoona nambala ya mzere n'kunena kuti amenewo ndi amake Besa, mwana wawo anabadwa wochepa thupi. Foni inaitana kanayi. Ndinapemphera chamumtima kuti asakhale kuti abambo apita nayo ku ntchito.

Anayankha amake Besa. Kumbuyo kunkamveka phokoso la ana ambiri olira ndi nesi akuitana mayina. Pulofesa anadzitchula n'kufunsa ngati amalandira mauthenga a sikelo. Mayiyo anayankha mofuula, monga amachitira anthu pamzere, kuti uthenga unabwera dzulo, n'chifukwa chake ali pakiliniki panopa, ndipo ngati ndi za kafukufuku afulumire chifukwa atsala pang'ono kuitanidwa. Kenako anafunsa ngati Keziah ali pomwepo.

"Mumuuze kuti Besa afika naini kilo. Enze kudela nkhawa maningi uja mtsikana."

Keziah anaphimba nkhope ndi manja. Pulofesa anathokoza mayiyo, anatseka foni, n'kulemba mawu ochepa papepala lake. Anati buku lapambana, pakufunika kukonza zilembo m'malo anayi okha, ndipo amayi 23 amene munthu angawaimbire foni ndi kafukufuku wokwanira. Za pepala la ku Woodlands anati alembera akuluakulu a koleji ndi okonza msonkhano. Atatero anapempha madzi akumwa.

Musaganize kuti kumwamba kunagwa. Koleji inakhazikitsa komiti, komiti inakumana kawiri n'kudya nkhuku, ndipo inapeza kuti panali kusamvana. Pepala lija linachotsedwa mwakachetechete. A Dokotala akadali mkulu wa gawo, chitseko chikadali kunena kuti katswiri, ndipo pachikondwerero anajambulitsa ataima pambali pa Keziah, akuuza aliyense kuti ameneyu ndi wophunzira wawo. Mkulu wake wa Keziah anavala chitenge chija atachikulitsa m'mbali. Munthu mmodzi yekha ndiye analandira kalata ya chenjezo pankhani yonseyi, ndipo ndi ine, chifukwa chosazimitsa foni m'chipinda cha mayeso. Ndinaimangira chikuto cholimba, ili m'kabati kwathu ku Libala.

Asanachoke, Keziah anabwera m'chipinda changa kudzatsazika. Anati kwatsala ntchito imodzi, ndipo anataipa mzere umodzi wokha. Amayi 1,200 anafufutika nthawi yomweyo pamodzi ndi ana awo, patsamba loyamba n'kuoneka 23 enieni aja. M'mawa mwake m'basi foni sinanjenjemere. Ndinaitulutsa kawiri kuona ngati yazima. Ndinadziseka ndekha, mayi wamkulu kusowa ana amene sanabadwe, koma ndinawasowadi, ndipo ndinafika kuntchito maso ali ofiira.

Mwezi wa Febuluwale a Dokotala analowa m'chipinda changa n'kutseka chitseko, zimene sachita. Anandipatsa moni wa muli shani, ndiye kuti muli bwanji, ndi ulemu wonse, mpaka kufunsa za ku Libala. Kenako anatsitsa mawu. Anati kukubwera alendo a bungwe lina lakunja amene anamva za tsamba la sikelo, ndipo 23 sioneka bwino pakhoma. Anafunsa ngati ndingawabwezeretse amayi aja, kwa tsiku limodzi lokha.

Kachidako ndimakadziwa, Keziah anandiphunzitsa. Ndi mzere umodzi, sungathe ndi mphindi yomwe. Ndinawayang'ana bambo aja, suti ya buluu, cholembera chagolide m'thumba.

"Anasamuka onse, a Dokotala," ndinatero. "Koma poti munayenda khomo ndi khomo, makomo awo mukuwadziwa. Kawatengeni."